Lenzi ya Amalume: Kuchokera ku Jena Kudzafika ku Mchinji

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2016 amalume anga anandiitanitsa kumudzi kwathu ku Mchinji. Nditafika ndinawapeza ali pakhonde akuwothera dzuwa, ndipo pambali pawo panali chikwama chachikopa chimene ndinachizindikira ndisanakhale n'komwe pansi. Chikwama chimenechi ndinkachinyamula ndili mnyamata, nditakhala pakaliyala, iwo akupalasa njinga kupita m'masukulu ndi m'maukwati kukajambula anthu zithunzi.

"Mphwanga," anatero titatha kulonjerana, "maso anga atha. Ana angawa akuti chitsulochi achigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Ine ndakana. Pa Chichewa katundu wa malume amalowa ndi mwana wa mlongo wake. Tenga. Ukaona kuti n'chopanda ntchito ukachitaye wekha kutali, ine ndisamve."

M'chikwamamo munali kamera yolemera yotchedwa Zenit-E, ndipo kutsogolo kwake kunali diso lake, limene ojambula amalitcha lenzi. Pamphete ya lenziyo panali zilembo za Chirasha, zimene pambuyo pake ndinadzadziwa kuti zimawerengedwa Helios-44-2, komanso nambala yoyamba ndi 74. Kunena zoona, ana awo sankalakwa. Filimu inali itasowa m'masitolo, kumene amalume ankakatsukitsa zithunzi ku Lilongwe anali atasiya kalekale ntchito ya filimu, ndipo pamudzipo pafupifupi banja lililonse linali ndi foni yojambula. Kamerayo nayonso inali itafa, pakuti kansalu kakuda ka m'kati, kamene kamatseguka ndi kutsekeka pojambula, kanali katang'ambika. Paja amati tsobola wakale sawawa. Koma nditamasula lenziyo n'kuiyang'anitsitsa padzuwa, ndinaona kuti magalasi ake anali oyera mbee, ndipo mphete zake zinkazungulira bwinobwino. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa mbiri yakale, choncho ndisanafunse ngati chinthuchi chingagwirenso ntchito, ndinayamba ndafunsa kumene chinachokera.

Mbiri ya lenzi imeneyi siyambira ku Russia. Ikuyambira m'tauni ya Jena m'dziko la Germany, kumene mmisiri wina dzina lake Carl Zeiss anatsegula malo ake ogwirirapo ntchito mu 1846, n'kuyamba kupanga makina oonera tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Masiku amenewo amisiri ankasula magalasi mongoyesa, lina likakana n'kuyesa lina. Zinthu zinasintha Zeiss atagwirizana ndi katswiri wa sayansi Ernst Abbe, kenaka ndi katswiri wosungunula magalasi Otto Schott. Kuyambira pamenepo lenzi inkayamba yawerengedwa papepala ndi masamu isanasulidwe. Mu 1927 katswiri wina wa kampaniyi, Willy Merté, anakonza lenzi yotchedwa Biotar, ya magalasi 6 osanjidwa m'magulu 4. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anatulutsa Biotar ya mamilimita 58, yotseguka mpaka pa f/2, yoti igwire ntchito pa kamera ya Kine Exakta imene inayamba kupangidwa ku Dresden mu 1936.

Nambala ya 58 ili ndi chifukwa chake, ndipo owerenga aisunge chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku. Kamera ya mtundu wa Exakta ndi Zenit imakhala ndi kalilole m'kati, pakati pa lenzi ndi filimu. Kalilole ameneyu amatumiza chithunzi m'mwamba kuti wojambula aone zimene lenzi ikuona, ndipo mukadina batani amadumphira m'mwamba kuti kuwala kudutse kukafika pafilimu. Kuti adumphe bwino amafuna malo. Lenzi yotseguka kwambiri ya mamilimita 50 inkalowa m'kati zedi moti ikanagundana naye, choncho amisiriwo anaitalikitsa pang'ono kufika pa 58. Kamera imalamula lenzi kuti ikhale patali motani, ndipo nkhani yonse ya malenzi akale yagona pamenepa.

Kenaka kunabwera Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Mu Epulo 1945 asilikali a America analowa mu Jena. Koma mayiko opambana nkhondo anali atagwirizana kale kuti chigawo chimenechi chidzakhala m'manja mwa Soviet Union. Asanachoke mu Juni chaka chomwecho, Aamerika anakweza m'magalimoto akatswiri ndi akuluakulu oposa 100 a kampani za Zeiss ndi Schott, pamodzi ndi mapepala ambiri, n'kupita nawo kumadzulo. Anthu amenewa ndi amene anayambitsa Zeiss ina ku Oberkochen. Mu Okutobala 1946 Asovieti nawo anayamba kumasula makina a ku Jena n'kuwapakira m'sitima monga chipukutamisozi cha nkhondo, ndipo anatenganso antchito oposa 200 kuti akagwire ntchito kwawo kwa zaka zingapo. Makina opangira kamera ya Contax anakathera ku Kiev, ku fakitale ya Arsenal. Ku Jena kunatsala anthu amene anayambiranso pachiyambi, moti kwa zaka zoposa 40 kunali Zeiss ziwiri, ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, zolimbirana dzina m'makhoti a mayiko osiyanasiyana. M'mayiko ena akumadzulo malenzi a ku Jena ankagulitsidwa popanda dzina la Zeiss, atangolembedwa kuti achokera ku Jena.

Pafupi ndi Moscow pali tauni ya Krasnogorsk, kumene mu 1942 kunakhazikitsidwa fakitale yodziwika ndi zilembo zakuti KMZ. Kumeneku ndi kumene kunabadwira kamera ya Zenit mu 1952, ndipo mu 1958 kunatuluka Helios-44, imene kapangidwe kake n'kotengera Biotar ija: magalasi 6, mamilimita 58, f/2. Dzina lakuti Helios ndi la dzuwa m'Chigiriki. Zenit-E inayamba kupangidwa mu 1965, ndipo inatuluka m'mamiliyoni. Ntchito itachuluka, malenzi a Helios ankapangidwanso ku Minsk ndi ku Valdai. Pa ambiri mwa malenziwa manambala awiri oyamba amasonyeza chaka, choncho ya amalume iyenera kuti inatuluka m'fakitale mu 1974. Zenit-E sinkafuna batire. Inali ndi liwiro lojambulira loyambira pa 1/30 kulekeza pa 1/500 ya sekondi, ndipo pamodzi ndi lenzi inkalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Boma la Soviet Union linkafuna ndalama zakunja, motero linkaigulitsa motchipa, ndipo ku Britain achinyamata ambiri anaphunzirira pa iyo kujambula.

Nanga inafika bwanji ku Mchinji? Amalume, monga anyamata ambiri a kwathu kumalire, anapita ku Zambia kukafuna ntchito, ndipo anakhala zaka 11 ku Kitwe. Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linkachita ubale ndi mayiko a mbali zonse ziwiri, ndipo ophunzira ena a kumeneko ankatumizidwa ku Soviet Union. Amalume anagula kamerayi mu 1976 kwa mmodzi wa ophunzira oterewa, amene anali atangobwera kumene ndipo ankafuna ndalama yogulira mipando ya m'nyumba. Kuno kwathu zinthu zinali zosiyana. Boma la Kamuzu Banda silinkafuna kumva za chikomyunizimu, ndipo amalume pobwerera kumudzi mu 1979 anamata tepi yakuda pazilembo za Chirasha zija kuopa mafunso. Munthu akawafunsa ankangoti kamerayo ndi ya ku Jeremani. Ankaganiza kuti akunama, osadziwa kuti mbali ina ankanena zoona. Tepiyo anaimatula mu 1994, ndipo zipsera zake zikuonekabe.

Ine ndinayamba kuyenda nawo cha m'ma 1984. Filimu imodzi inkatulutsa zithunzi 36, ndipo chithunzi chilichonse chinali ndalama. Munthu ankapereka theka la mtengo tsiku lojambulitsa, theka linalo polandira chithunzi, mwina patatha milungu itatu. Anyamata ankabwerekana wotchi ndi wailesi, atsikana ankabwerekana nsapato, ndipo amayi ankadzoza ana mafuta mpaka nkhope kuchita kunyezimira. Amalume ankamuimika munthu pamthunzi wa mango, n'kubwerera m'mbuyo mapazi owerengeka. Helios-44-2 ili ndi mphete ziwiri za kabowo kolowera kuwala. Yoyamba ankaiika pa nambala imene asankha, kaya 5.6 kaya 8. Yachiwiri ankaitsegula yonse kuti aone bwino, n'kuzungulitsa mphete ya fokasi pang'onopang'ono mpaka maso a munthuyo aoneke bwino, kenaka n'kuitsekanso asanadine batani. Akaiwala kutseka, chithunzi chinkapsa ndi kuwala ndipo ndalama inkalowa m'madzi. Ndinkawamva akunena kuti, "Musagwedezeke," koma amene sankayenera kugwedezeka kwenikweni anali iwowo. Ndikatopa n'kuyamba kunyinyirika ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene amalume ankapalasa njinga m'midzi, kunja zinthu zinali zikusintha. Lenzi yawo imamangidwa pakamera mochita kuzungulitsa, monga timatsekera botolo. Kamangidwe kameneka amakatcha M42 chifukwa pakamwa pake ndi potambalala mamilimita 42, ndipo kanayamba kutchuka mu 1949 ndi kamera ya Contax S ya ku East Germany. Makampani ambiri anakatengera: Praktica, Pentax ya ku Japan, Zenit yomwe, ndi ena. Munthu ankatha kugula kamera kwa uyu, lenzi kwa uyo, zonse n'kugwirizana. Koma kuzungulitsa kumachedwetsa, motero mu 1975 Pentax inasamukira ku kamangidwe kongolowetsa n'kupotoza pang'ono kotchedwa K. Mu 1985 Minolta inatulutsa kamera ya 7000 imene inkadzipezera yokha fokasi, ndipo anthu anaikonda kwambiri. Mu 1987 Canon inachita chinthu chimene chinakwiyitsa ojambula ambiri: inayambitsa makamera a EOS okhala ndi pakamwa patsopano, pomwe lenzi ndi kamera zimalankhulana ndi magetsi okhaokha. Malenzi ake akale a FD sankakwanapo. Anthu amene anawononga chuma chawo pogula malenziwa anangoona atsala m'malere.

Kenaka filimu nayo inayamba kugwa. Kamera yoyamba ya digito inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chosakhala ndi mitundu pa tepi ya kaseti. Panapita zaka zambiri zisanafike kwa anthu wamba. Nikon D1 inatuluka mu 1999, ndipo mu 2003 Canon inatulutsa EOS 300D pa mtengo wosafika madola 1,000 a ku America. Kuchokera apo zinangoti gwedegwede. Konica Minolta inasiya kupanga makamera mu 2006 n'kupereka ntchitoyo kwa Sony. Kodak, mwini wake wa filimu, inakadzipereka kukhoti mu Januwale 2012 italephera kubweza ngongole. Mayiko nawo anali atatha: East Germany inatha mu Okutobala 1990, Soviet Union inatha mu Disembala 1991. Amalume anajambula filimu yawo yomaliza cha m'ma 2006. Malenzi mamiliyoni ambiri padziko lonse analowa m'makabati ndi m'masutikesi, ena ankagulitsidwa pa mtengo wa chakudya chamasana.

Ndinabwerera ku Lilongwe ndi chikwama chija ndili ndi changu cha munthu wosadziwa kanthu. Mnzanga wina wojambula maukwati anali ndi kamera ya digito ya Nikon, ndipo anandipezera kamphete kachitsulo kolumikizira, kamene amakatcha adaputa. Tinamanga lenziyo ndipo inakhala bwino. Titajambula kapu imene inali patebulo chithunzi chinatuluka chokongola. Koma titatuluka panja kuti tijambule mtengo wa tsidya lina la msewu, zonse zinali mbuu ngati nkhungu, ngakhale mphete ya fokasi tinaizungulitsa mpaka kumapeto. Ndinakhumudwa, ndipo mumtima ndinati ana a amalume aja ananena zoona. Ndinatsala pang'ono kukaitaya. Koma vuto silinali la lenzi, komanso silinali la kamera. Linali umbuli wanga.

Amene anayatsapo pepala padzuwa ndi galasi la tochi kapena la mandala a agogo amvetsa msanga. Galasi lija limasonkhanitsa kuwala pa kadontho kamodzi, pa mtunda umodzi wokha. Mukalisendeza pafupi kapena patali pang'ono, kadontho kamabalalika ndipo pepala silipsa. Lenzi ya kamera ndi chimodzimodzi. Iliyonse inapangidwa kuti ikhale pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pafilimu. Kwa M42 mtundawo ndi mamilimita 45.46. Kwa Nikon, amene sanasinthe pakamwa pa makamera ake a kalilole chiyambire 1959, ndi mamilimita 46.5. Ndiye kuti lenzi ya amalume, ngakhale popanda kuwerengera kuchindikala kwa adaputa, inali itakhala patali ndi milimita imodzi kuposa malo ake, ndipo lenzi ikatalikira imaona zapafupi zokha. Adaputa imatha kuwonjezera mtunda koma singauchepetse. Pali ma adaputa ena okhala ndi kagalasi kokonzera vutoli, koma kagalasiko kamachepetsa ubwino wa chithunzi.

Chodabwitsa n'chakuti Canon EOS, imene inasiya pamtunda malenzi ake omwe a FD, ndiyo inalandira alendo. Mtunda wake ndi mamilimita 44, kutanthauza kuti pamatsala mpata wa pafupifupi milimita imodzi ndi theka woikapo kamphete ka M42, ndipo malenzi a Nikon nawonso amakwana. Malenzi a FD, a mtunda wa mamilimita 42, ndiwo sankatheka. M'zaka za m'ma 2000 ojambula ena osauka komanso okonda zakale anayamba kumanga malenzi a Takumar, Zeiss Jena ndi Helios pa makamera amenewa. Sizinali zophweka. Pooneramo pa makamera a digito sipanapangidwe kuti munthu azipeza fokasi ndi dzanja, ndipo pa Canon 5D ya 2005 kalilole ankatha kugunda kumbuyo kwa malenzi ena, kuphatikizapo Helios yomweyi. Kalilole amene anachititsa kuti Biotar ikhale ya mamilimita 58 anali akuvutitsabe patatha zaka pafupifupi 70.

Chimene chinamasula zonse n'kuchotsedwa kwa kaliloleyo. Mu 2008 Panasonic inatulutsa Lumix G1, kamera yosinthika malenzi yopanda kalilole, imene wojambula amaona pa kasikirini zimene sensa ikuona. Sensa ndi kachipangizo kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Popanda kalilole, pakamwa pa kamera panayandikira kwambiri sensa: pafupifupi mamilimita 19 pa G1, ndi 18 pa makamera a Sony NEX a 2010. Mu 2013 Sony inatulutsa A7, ya sensa yofanana kukula ndi chithunzi cha pafilimu, mamilimita 24 kwa 36. Canon ndi Nikon anatsatira mu 2018. Tsopano masamu ake anaphweka. Chotsani 18 pa 45.46, patsala 27.46. Kachitoliro kachitsulo kotalika mamilimita amenewo, kopanda galasi, kopanda waya, kamabwezera lenzi ya 1974 pamalo ake enieni. Malenzi a FD, a Minolta, a Olympus, a Leica, onse anapeza pokhala. Makampani sanachotse kalilole pofuna kuukitsa malenzi akale. Ankafuna makamera ang'onoang'ono opepuka, ndipo enafe tinangodyera pamenepo.

Ndinasonkha ndalama kwa miyezi isanu n'kugula Sony NEX-5N yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo m'bale wina wochokera ku Johannesburg anandibweretsera adaputa yoyenera. Poyamba kamera inakana kujambula chifukwa inkaona ngati palibe lenzi, popeza Helios ilibe magetsi olankhulira. Ndinapeza m'makonzedwe ake malo olola kujambula popanda lenzi. Ndinaphunziranso kuti sensa ya kamera imeneyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi filimu, motero imatenga pakati pokha pa chithunzi, ndipo lenzi ya 58 imaona ngati ya 87, zimene zili zabwino pojambula nkhope. Kamerayi imatha kukuza pomwe mukufuna kuonetsetsa, komanso imaika timizere tamtundu m'mbali mwa zinthu zimene zili pa fokasi. Tsiku limene ndinajambula mtengo uja wa tsidya la msewu, masamba ake n'kuoneka limodzilimodzi, ndinakhala pansi kaye.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa pali ena amene amatamanda zakale mopyola muyeso. Helios si yabwino kuposa malenzi a masiku ano. Mukaitsegula yonse pa f/2, pakati pokha ndi pomwe pamaoneka bwino, m'mbali mumafooka. Mukailozetsa kudzuwa chithunzi chimayezuka. Malenzi awiri a dzina lomweli amatha kusiyana kwambiri chifukwa mafakitale aja sankasamala mofanana. Kujambula mpira kapena ana akuthamanga ndi ntchito yowawa, ndipo ine ndataya zithunzi zambiri za mwana wanga wamng'ono. Kuno kwathu kulinso mdani wina, nkhungu ya m'nyengo ya dzinja, imene imamera m'kati mwa magalasi ngati ukonde wa kangaude lenzi ikasungidwa pachinyezi ndi mumdima. Ya amalume inapulumuka chifukwa ankaitulutsa padzuwa kawirikawiri ngakhale atasiya ntchito. Wogula lenzi yakale ayambe waiunika ndi tochi.

Komabe chilema chimodzi cha lenzi imeneyi ndicho chinaipatsa mbiri yatsopano. Mukajambula munthu ali pafupi, kumbuyo kwake kuli masamba owala, zakumbuyozo zimaoneka ngati zikuzungulira, monga madzi a mumphika mukawatakasa. Merté ndi anzake akanatha akanachotsa zimenezi, koma ojambula a masiku ano amazifuna dala. Greig Fraser, wojambula mafilimu wotchuka, anagwiritsa ntchito malenzi akale a ku Soviet Union, kuphatikizapo Helios, m'zigawo zina za The Batman ya 2022 ndi Dune: Part Two ya 2024, ataikidwa m'zitsulo zatsopano ndi kampani ya IronGlass ya ku Ukraine. Lenzi imene inkaperekedwa pamodzi ndi kamera yotchipa kwambiri inakalowa m'mafilimu a ndalama zankhaninkhani, ndipo mtengo wake unakwera.

Ine phunziro limene ndinatolapo ndi lina. Kamera ya digito imakalamba msanga. Batire yake imasowa, sikirini imafa, ndipo pakatha zaka zochepa palibe woikonza. Lenzi ya dzanja ndi galasi, chitsulo ndi girizi basi. Yaona kutha kwa dziko limene linaipanga ndi kwa filimu imene inapangidwira, ndipo idzaonanso kutha kwa kamera imene ndaimangapo lero. Kwa ife amene ndalama yakunja imativuta, zimenezi si nkhani yachibwana. Wachinyamata wofuna kuphunzira kujambula akhoza kuyamba ndi kamera yakale yopanda kalilole, adaputa ndi lenzi ya m'sutikesi ya agogo ake. M'midzi ndi m'matauni mwathu muli zikwama zambiri ngati cha amalume, za anthu amene anajambula maukwati, maliro, zikho za mpira ndi ana a Sitandade 8 kwa zaka makumi angapo. Mabuku a mbiri ya dziko lino sawatchula anthu amenewa, chonsecho nkhope za makolo athu tikuzidziwa chifukwa cha iwo. Manegetivu a amalume, amene anadzaza katoni, anadyedwa ndi chiswe ine ndisanaganize zowafunsa. Mlandu umenewo ndi wanga, mphunzitsi wa mbiri.

Pa Khirisimasi ya 2017 ndinapita kumudzi ndi kamera. Amalume anaipapasa ndi manja, ndipo zala zawo zitafika pa mphete zija anamwetulira.

"Iyi ndi yanga ija. Nanga thupili walitenga kuti lopepuka chonchi?"

"Ndi la ku Japan, amalume. Diso lokha ndiye lanu."

"Filimu umaika pati?"

Ndinawafotokozera, iwo n'kumangopukusa mutu. Kenaka mayi anga, amene anali pamphasa chapafupi, ananena chinthu chimene tonse sitinachiganizepo. Anati achimwene awowo anajambula mudzi wonse, koma m'nyumba monse munalibe chithunzi chawo, kupatula kachithunzi ka pachitupa cha ku migodi. Kamera sankaipereka m'manja mwa munthu wina.

Anakavala jekete lawo, ndipo ndinawakhazika pampando pansi pa mango. Ndinajambula msangamsanga zithunzi zisanu monga tinazolowerera ndi mafoni. Nditaziyang'ana, zonse zinali zolakwika: pa china fokasi inali pakhutu, pa china pa batani la jekete. Iwo anamva kulira kwa kamera kasanu konse.

"Iwe, zithunzi zisanu munthu mmodzi? Ukanakhala pafilimu yanga bwenzi utagona ndi njala. Bwerera m'mbuyo mapazi atatu. Tsegula yonse. Funa diso, osati mphuno. Wapeza? Tsono tseka pang'ono. Usapume."

Ndinachita monga ananenera, ndipo ndinadina kamodzi. Pa chithunzi chimenecho maso awo otuwa ndi ng'ala akuoneka bwinobwino, pamodzi ndi makwinya onse, ndipo kumbuyo masamba a mango akuzungulira pang'ono. Iwo sanathe kuchiona. Ndinakachitsukitsa chachikulu ku Lilongwe, ndipo mayi ndi amene anawafotokozera momwe chinalili. Anangofunsa funso limodzi, ngati kolala ya jekete inali yowongoka.

Amalume anatisiya mu 2019. Chithunzi chija ndi chimene chinatsogola pa maliro awo, ndipo lero chili pakhoma m'nyumba za ana awo onse anayi, omwe aja ankafuna kugulitsa chitsulo. Zenit-E ili pashelefu panga, yakufa monga ndinaipezera. Lenzi ili pa kamera ina tsopano, yachiwiri chiyambire 2017, pakuti yoyamba ija inafa sikirini. Mwana wa mlongo wanga, amene ali Fomu 3, wayamba kubwera Loweruka lililonse kudzaphunzira kuzungulitsa mphete ziwiri zija, ndipo mpaka pano amaiwalabe kutseka yachiwiri.